Chigaza pa foni ya mwana wanu: mmene mungamvere chinenero cha achinyamata

Lamulungu lina titangotuluka m'tchalitchi, mayi wina anandikokera pansi pa mtengo wa mango natulutsa foni ya mwana wake m'kachikwama. Manja awo ankanjenjemera. Anandionetsa uthenga umene mtsikanayo analembera mnzake: zigaza zitatu, 💀💀💀, ndi mawu akuti "ndafa ine". Mayiwo anali atasala kudya masiku awiri, ndipo anali atapangana kale ndi abusa kuti mwanayo akamupempherere poganiza kuti walowa za satana. Titabwerera m'mbuyo pang'ono pa mauthengawo, tinapeza kuti mnzakeyo anamutumizira kavidiyo ka mbuzi ikuba chigumu pamsika. Mwanayo ankangonena kuti waseka mpaka nthiti kuwawa.

Ine ndine mphunzitsi wa kusekondale, ndipo ndikulera ana awiri achisodzera, mtsikana wanga wobereka ndi mnyamata wa malemu mchemwali wanga. Mafunso otere ndafunsidwa pa misonkhano ya makolo, m'minibasi, kumaliro, ngakhale pa mzere wa kuchigayo. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe kamodzi zonse zimene ndimayankha, kuti wofuna aziwerenga modekha ali kwawo. Ndikupempheni chinthu chimodzi musanapitirire: muphunzire mawuwa kuti muzimumva mwana wanu. Mukawaphunzira n'cholinga chomugwira, adzangosintha mawu sabata yomweyo ndipo mudzatsala mumdima woposa poyamba.

1. Kumbukirani kuti nafenso timabisa mawu

Tamverani mmene ife akuluakulu timalankhulira ana akakhala pafupi. Sitinena kuti uje wamwalira, timati watisiya kapena watsikira kuli chete. Mayi akabereka timati wachira. Mtsikana timati ali kumwezi. Izi ndi zining'a, ndipo tinaziyamwira kwa makolo athu. Gulu lililonse la anthu limakhala ndi kalankhulidwe kake kodziwana, ndipo ana athu nawo ali nako kawo.

Ndipo kalankhulidwe kameneka sikanayambe ndi WhatsApp. Ambiri mwa abambo amene lero akudandaula anali kunena "bho" ndi "shapu" ali anyamata. Akatswiri a zinenero anachipatsa dzina chinenero cha m'taunichi, amachitcha Chibrazi, kuchokera ku mawu akuti brazi, kutanthauza m'bale kapena mnzako wamwamuna. Chimasakaniza Chichewa, Chingerezi, zinenero zina za kuno kwathu, ndi mawu amene anabwera ndi anthu ochokera ku South Africa, monga madala ndi kuvaya. Chatsopano n'chakuti lero chimalembedwa, chimayenda usiku inu muli m'tulo, ndipo chasakanizika ndi mawu a pa TikTok ochokera kutali.

2. Yambani ndi mawu opanda vuto, poti ndiwo ambiri

Mwa mauthenga amene makolo amandionetsa, ochuluka ndi nkhani wamba za ana. Mwana akalemba kuti "masteni ali pa den, sindivaya", akunena kuti amayi ali pakhomo, sachoka. Masteni ndi amayi, madala ndi abambo, den ndi kunyumba, geri ndi sukulu. Ngini ndi ujeni, chinthu chilichonse chimene sakufuna kapena waiwala kuchitchula. Dolo kapena shasha ndi katswiri, munthu wochenjera pa chinthu. Mbola ndi chinthu chachabe kapena chokhumudwitsa, ndipo za ziii ndi zopanda pake. Dola ndi ndalama basi, makwacha athu omwewa. Bambo wina anafuna kumenya mwana wake atawerenga kuti "ndapeza dola", poganiza kuti wayamba katangale wa ndalama zakunja, pomwe mwanayo anali atapatsidwa K2,000 ndi amalume ake.

Kkkkk ndi kuseka. Mxiii ndi kutsonya. Akati "ndikumufila" ndiye kuti wamukonda kapena wamusirira, ndipo crush ndi munthu amene amamusirira mumtima koma mwina sanalankhulane naye n'komwe. Bae ndi chibwenzi, ngakhale atsikana ena amaitanananso choncho pachinzake.

Palinso zidule za Chingerezi. Wyd ndi "ukutani", idk ndi "sindikudziwa", tbh ndi "kunena zoona", fr ndi "zoonadi", gn ndi "usiku wabwino", ily ndi "ndimakukonda". No cap ndi "sindikunama". Sus ndi munthu kapena chinthu chokayikitsa. Kumupanga ghost munthu ndi kusiya kumuyankha mwadzidzidzi osanena chifukwa. Rizz ndi luso lokopa anthu ndi pakamwa, ndipo mawu amenewa anafala kwambiri moti a Oxford, olemba dikishonale ya Chingerezi, anawasankha kukhala mawu a chaka cha 2023.

Cholakwika chimene makolo ambiri amachita pano ndi kutenga "masteni" ngati chipongwe. Si kutukwana ayi. Muli ndi ufulu wouza mwana kuti pakhomo panu azikuitanani amayi, monga ndinawauzira anga, koma musamuyese wamwano chifukwa cha mmene amakutchulirani kwa anzake.

3. Tizithunzi tija: chimene mukuona si chimene akunena

Tizithunzi timeneti timatchedwa emoji, mawu a Chijapani: e ndi chithunzi, moji ndi chilembo. Mu 1999 Shigetaka Kurita anajambula tizithunzi 176 ta kampani ya mafoni ya NTT DoCoMo, ndipo lero tilipo toposa 3,000. Palibe buku limene limalamula tanthauzo lake. Tanthauzo amalipanga ndi amene akutumizirana, n'chifukwa chake limasintha msanga.

Taonani nkhani ya kuseka. Kankhope kogwetsa misozi ya chimwemwe, 😂, kanali kotchuka mpaka a Oxford anakasankha mu 2015 kukhala "mawu" a chaka. Lero achinyamata ambiri amati n'ka anthu akuluakulu, ife amene. Iwo akaseka kwambiri amaika 💀, kutanthauza "ndafa n'kuseka", kapena 😭, kamene inu mungati akulira. Choncho mukaona 😭😭 musathamangire kufunsa amene wamwalira. Werengani kaye zimene zili pamwamba pake.

Moto, 🔥, ndi kuyamikira: chovala, nyimbo kapena chithunzi chili bwino zedi. Mbuzi, 🐐, si kunyoza, ndi ulemu waukulu, kunena kuti uyu ndiye katswiri woposa onse, ndipo anyamata amaiika akamakangana za Messi ndi Ronaldo. Kapu, 🧢, ndi bodza. Maso, 👀, ndi "ndaona" kapena "tandiuza zambiri". Mbendera yofiira, 🚩, ndi chenjezo lakuti munthu uyu ali ndi khalidwe lokayikitsa. 🤡 ndi munthu amene wapusitsidwa kapena wadzichititsa manyazi.

Pali tiwiri timene ife makolo timatumiza ndi mtima wabwino koma timafika molakwika. Kankhope komwetulira pang'ono, 🙂, ana ambiri amakamva ngati kumwetulira kwa munthu wokwiya amene akudzigwira. Chala cham'mwamba, 👍, akachilandira chokha popanda mawu, amaona ngati mwawadula. Tsiku lina mwana wanga anandilembera kuti wakhoza bwino mayeso a Biology, ine ndili m'kalasi ndinangoyankha 👍. Madzulo anandifunsa mwakachetechete, "Amayi, kodi ndalakwa chiyani?" Kuyambira pamenepo ndimawonjezera mawu awiri atatu, ngakhale "wakhoza mwanawe" chabe.

4. Dziwani tochepa toyenera kukutsegulani maso

Biringanya, 🍆, imaimira maliseche a mwamuna. Pichesi, 🍑, ndi matako. Madontho a madzi, 💦, makamaka akatsatana ndi tiwiri tija kapena ndi 😈, ndi nkhani zogonana. Mawu akuti nudes ndi zithunzi zamaliseche, ndipo "send pic" yolembedwa pakati pa usiku kawirikawiri imapita komweko. Blesa ndi bambo wachikulire amene amapereka ndalama, foni kapena zovala kwa mtsikana posinthana ndi thupi lake. Ben 10 ndi mnyamata amene ali pachibwenzi ndi mayi womuposa zaka.

Bawa ndi mowa, kuyaka ndi kumwa kapena kuledzera, midoli ndi timabotolo ta mowa waukali totsika mtengo. Tsamba, 🍃 kapena 🌿, likatsatana ndi utsi, 💨, nthawi zambiri ndi chamba. Ndege, ✈️, kwa mnyamata amene ndalama zikumuthera mosadziwika bwino, ingakhale kandege, juga ya pa foni imene munthu amabetcha kandege kakukwera n'kuyesa kutulutsa ndalama kasanathawe. Juga ndi yoletsedwa kwa ana osafika zaka 18, koma ana amalowa ndi nambala za akuluakulu, nthawi zina ya inu nomwe.

Kenaka pali mawu a mtima wosweka: 💔, duwa lofota 🥀, chithunzi chakuda bii pa status, mawu onga "ndatopa nazo", "mudzandikumbuka", kapena chidule chakuti kms, chimene m'Chingerezi chimatanthauza kudzipha. Ana ena amalemba kms mocheza akalephera mayeso. Koma awa ndi mawu amene sindilola kuti adutse osafunsa, ndipo ndibwereranso kwa iwo pa mfundo 7.

5. Musaweruze ndi kachithunzi kamodzi

Kachithunzi kamodzi si umboni. Mwana akhoza kuika 💦 chifukwa wanyowa ndi mvula pochokera ku geri, kapena ✈️ chifukwa azakhali ake akubwera pa ndege. Dzifunseni mafunso atatu: watumiza ndani, nthawi yanji, ndipo chasintha n'chiyani pa mwanayu? Mtima wofiira wochokera kwa mnzake wa m'kalasi masana ndi nkhani ina. Mtima womwewo wochokera ku nambala yosungidwa ndi dzina lakuti "Aunt" koma yolemba 1 koloko usiku ndi nkhani inanso.

Zimene zimandiuza zambiri kuposa emoji ndi izi: mwana ali ndi bandulo tsiku lililonse pomwe inu simunamupatse ndalama ya mayunitsi, akulandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuchokera kwa munthu amene simukumudziwa, wabwera ndi foni yatsopano akuti wabwereka kwa mnzake, akugona m'kalasi, wasiya kudya kapena wasiya anzake akale.

Ndi bwinonso mudziwe mmene WhatsApp imagwirira ntchito, kuti musanamizidwe komanso kuti musanamizire mwana. Chithunzi chokhala ndi nambala 1 m'kabwalo chimatseguka kamodzi kokha n'kuzimiririka. Mauthenga akhoza kutcheredwa kuti azifufutika okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90. Status imakhala maola 24, ndipo mwini wake amasankha anthu oti asaione, choncho kusaona status ya mwana wanu sikutanthauza kuti saika. Malamulo a WhatsApp, Facebook ndi TikTok salola mwana wosafika zaka 13 kutsegula akaunti. TikTok ili ndi Family Pairing, imene imalumikiza akaunti ya kholo ndi ya mwana kuti muike malire a nthawi ndi a anthu omulembera.

Nanga kufufuza m'foni mwa mwana mobisa? Ine sindilimbikitsa. Pangano la poyera limaposa ukazitape. Kwathu tinagwirizana tsiku lomwe foni inagulidwa kuti pofika 9 koloko usiku mafoni onse, ndi yanga yomwe, azigona pabalaza, ndipo kuti pasiwedi ndiziidziwa koma sindidzatsegula popanda mwini wake kukhalapo, pokhapokha moyo wake utakhala pangozi. Mwana wa zaka 13 mumuyang'anire pafupi. Wa zaka 17 mupatseni mpata wokulirapo, poti chaka chamawa adzakhala ku koleji kumene kulibe woyang'ana.

6. Mwana wanu ndiye mphunzitsi wabwino wa chinenerochi

Mawu amene ndalemba pamwambawa ena adzatha ntchito chaka chisanathe, ndipo a ku Ndirande sangafanane onse ndi a ku Mchesi kapena a ku Mzuzu. Amene angakuuzeni atsopano ali m'nyumba mwanu momwemo.

Musamuitane kuchipinda n'kumukhazika pampando ngati pabwalo la milandu. Funsani manja ali pa ntchito, mukusankha nyemba, mukuchapa, mukupita kuchigayo, pamene simukuyang'anana m'maso. Ndipo yambani ndi foni yanu, osati yake. "Iwe, taona ichi anditumizira ana a kusukulu, chigazachi akutanthauza chiyani?" Adzaseka, adzakuuzani, ndipo mwina adzawonjezera zina zitatu zimene simunafunse. Ana amakonda kudziwa chinthu chimene kholo silidziwa.

Pano pali misampha itatu. Woyamba ndi kulanga mwana chifukwa cha zimene wakuphunzitsani. Akakuuzani tanthauzo la 🍆 inu n'kukuwa kuti "wazidziwira kuti zimenezi?", sukulu yatsekedwa tsiku lomwelo. Wachiwiri ndi kuyamba kulankhula Chibrazi pamaso pa anzake. Kumva n'kokwanira, mwana safuna kholo losanduka mfana. Wachitatu ndi kulalikira pa status yake kapena kujambula uthenga wake n'kuuponya pa gulupu ya banja kuti azakhali onse aone. Mukatero, dzina lanu lilowa pa mndandanda wa anthu obisiridwa status, ndipo silidzachokapo msanga.

7. Mwapeza choipa: usiku woyamba

Apa ndi pamene malangizo ambiri amathera, koma m'pamene makolo timagwera. Ndinagwapo ndekha. Mwana wanga ali Fomu 2 ndinaona mauthenga achikondi pa foni yake. Ndinamudzutsa usiku womwewo, ndinakalipa mpaka oyandikana nafe anamva, ndinalanda foni n'kuitsekera m'sutikesi. Ndinkaganiza kuti ndathana nazo. Teremu yonse ankagwiritsa ntchito foni ya mnzake, ndipo ine sindinkadziwa kanthu kalikonse. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti pa nthawi imeneyo panali mnyamata wamkulu amene ankamuvutitsa panjira, ndipo sanandiuze poopa kuti ndimukalipiranso. Ndinadzamva kwa azakhali ake patapita miyezi. Zimene ndikulemba pansipa ndinaziphunzira mochedwa chotero.

Choyamba, ngati moyo wa mwana suli pangozi usiku umenewo, musalankhule usiku umenewo. Mtima ukadali m'mwamba, pakamwa pamatuluka mawu onga "hule" ndi "chitsiru", ndipo mwana adzaiwala chilango koma mawuwo adzawasunga mpaka kukula. Gonani, pempherani ngati mumapemphera, lankhulani ndi mnzanu wa m'banja kuti mawa musatsutsane pamaso pa mwana.

Chachiwiri, musafufute kanthu ndipo musamuimbire munthu winayo. Abambo ambiri amathamangira kuimba nambala ija n'kuopseza. Mukatero munthuyo amataya simu, amafufuta akaunti, umboni watha, iye n'kupita kwa mwana wina. Lembani nambala, dzina la akaunti ndi masiku papepala. Mauthenga olembedwa ajambuleni. Koma zithunzi zamaliseche za mwana musazitumize ku foni yanu, kwa abusa, kwa aphunzitsi kapena kwa wachibale aliyense, ngakhale n'cholinga chabwino. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kusunga ndi kufalitsa zithunzi zolaula za ana. Foni yeniyeniyo ndiyo mupite nayo kupolisi.

Chachitatu, sankhani woti alankhule. Pa chikhalidwe chathu nkhani za kuchipinda bambo sakamba ndi mwana wake wamkazi, ndipo amayi ambiri lilime limalemera pamaso pa mwana wamwamuna. Si vuto. N'chifukwa chake tili ndi azakhali, amalume, agogo ndi alangizi. Koma akhale munthu mmodzi amene mwanayo amamukhulupirira ndipo amasunga chinsinsi. Musasonkhanitse mtundu wonse. Mwana wozunguliridwa ndi akuluakulu asanu ndi mmodzi amangoyang'ana pansi n'kumati "palibe", ndipo nkhani yake mawa ili pachitsime.

Chachinayi, mawu oyamba. Nenani zimene mwaona, nenani mmene mwazionera, ndipo nenani kuti muli mbali yake. Mwachitsanzo: "Mwana wanga, dzulo foni yako inayaka ili patebulo ndipo ndinaona uthenga wa bambo uja. Sindinagone. Sindikufuna kukumenya kapena kukuchititsa manyazi. Ndikufuna undiuze mmene zinayambira kuti tione chochita." Mukatero khalani chete. Kukhala chete kumeneku n'kovuta kuposa zonse. Mwana akhoza kutha mphindi zisanu akungolira kapena kukanda pansi. Musadzaze mpatawo ndi ulaliki. Akayamba kulankhula musamudule, ngakhale zimene mukumvazo zikukubayani. Mafunso oyamba ndi "chifukwa chiyani" asiyeni, amamveka ngati mlandu. Funsani kuti "zinayamba liti", "anakuuza chiyani", "pali wina akudziwa".

Chachisanu, siyanitsani nkhani, poti si zonse zofanana.

Ngati ndi chibwenzi cha ana okhaokha a msinkhu umodzi, imeneyo ndi nkhani ya malangizo: za mimba, za matenda, za sukulu, ndi zakuti chithunzi chikachoka pa foni sichibwerera ngakhale chitatumizidwa kuti chitseguke kamodzi, poti wina akhoza kuchijambula ndi foni ina.

Ngati winayo ndi munthu wamkulu, mwana wanu si wolakwa, walakwiridwa. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18. Pitani ku Victim Support Unit, ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, pa polisi ya kufupi nanu, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana imene amayendetsa a bungwe la YONECO. Ndipo ndinene mosapsatira: nthawi zambiri munthuyo sakhala mlendo. Amakhala wachibale, mphunzitsi, wa kutchalitchi, kapena mnzawo wa abambo. Padzabwera anthu okupemphani kuti "tikambirane pachibale", ena atanyamula ndalama. Mukavomera, mwana wanu adzaphunzira kuti mbiri ya banja ndi yofunika kuposa iye.

Ngati wina akumuopseza kuti afalitsa zithunzi zake akapanda kutumiza ndalama kapena zithunzi zina, musalipire. Wolipidwa kamodzi amabweranso. Sungani umboni, kanenani kupolisi, ndipo muuzeni mwanayo momveka kuti ngakhale zithunzizo zitatuluka, pakhomo pano ndi pake ndipo sukulu apitiriza. Zimenezi zimachitikiranso anyamata, amene amanyengedwa ndi akaunti yokhala ndi chithunzi cha mtsikana wokongola, ndipo iwo amabisa kwambiri chifukwa cha manyazi.

Ngati ndi mawu aja a kutopa ndi moyo, apa pokha musadikire kuti kuche. Pitani pamene ali, khalani naye pansi, mufunseni mwachindunji: "Kodi ukuganiza zodzipha?" Makolo ambiri amaopa kuti kufunsa kumupatsa maganizowo. Sikutero. Mwana amene wasenza chinthu chimenechi yekha amapepukidwa wina akachitchula. Akavomera, kapena akangokhala chete osakana, musamusiye yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu, a makoswe, mapiritsi ndi zingwe. Mupite naye kuchipatala, ndipo 116 ija imathandizanso pa zotere. Pemphero lipitirire, koma liyendere limodzi ndi chipatala. Musamuuze kuti "ana a masiku ano mumangofuna kutionetsa", ndipo musamuyerekeze ndi mavuto amene inu munapirira muli mwana.

Chomaliza pa mfundo imeneyi ndi foni. Mwana aliyense amene ndinamufunsa chifukwa chimene sanauzire makolo ake msanga amayankha zofanana: "Akanandilanda foni." Kwa iye foni ndi anzake, nyimbo zake, manotsi a kusukulu, dziko lake lonse. Choncho muuzeni lero, zinthu zisanavute: "Wina akadzakutumizira zoipa kapena kukuopseza, ukandiuza wekha, foni sindikulanda." Ndipo tsikulo likadzafika musunge lonjezolo. Mukhoza kutseka nambala ya munthuyo, kusintha simu, kuchepetsa maola, koma musamulange chifukwa chobwera kwa inu.

8. Kwa inu amene muli kutali, ndi inu amene simuwerenga

Makolo ambiri akulera ana pa foni, ali ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku UK, ana ali ndi agogo kumudzi. Foni munawagulira ndinu kuti muzilankhulana, ndipo agogo sangadziwe zimene zikuchitikamo. Pezani wachibale mmodzi wachinyamata koma wokhwima maganizo, wa zaka za m'ma 20, amene mwanayo amamasuka naye, ndipo mwana adziwe kuti mwamupempha ntchito imeneyi. Inuyo musamangoimba pofunsa za mayeso ndi ndalama. Onani status yake, ndipo mukaona nyimbo kapena chithunzi chabwino muyankheni ku inbox mawu ochepa okoma. Tsiku limene adzaike 🥀 pa chithunzi chakuda, mudzakhala kale munthu amene amamuyankha.

Ndipo inu amayi ndi agogo amene Chingerezi kapena kuwerenga kumakuvutani, musadzione ochepa. Mfundo 5 ndi 7 sizifuna sukulu. Maso anu amaona mwana akasiya kudya, akayamba kutuluka panja kukayankha foni, akabwera ndi nsapato zimene simunagule. Muuzeni akuphunzitseni kutumiza mawu ojambula pa WhatsApp: mumangodina kachizindikiro ka maikolofoni, osachotsa chala, n'kulankhula Chichewa chanu chomwechi, ndipo mukachotsa chala uthenga wapita.